Mayina Asanu Pofika Lachisanu

Anandipatsa mafayilo khumi ndi awiri,
ati sankhapo asanu pofika Lachisanu.
Ine Femke, wowerengera ndalama,
ndisankhe okonza khoma lotchinga nyanja ku Vlissingen,
chonsecho simenti ndimangoidziwira pa lisiti.

Woyamba kulowa anali Hidde, tayi pakhosi,
mawu otalika ngati sitima ya katundu.
Ndinagwedeza mutu.
Sindinatolepo kanthu.

Usiku ndinagona chagada, mvula ikugogoda zenera.
Nyanja ili pamwamba, nyumba yanga m'munsi.
Ndikaphonya, madzi sadzafunsa kuti anasaina ndani.

M'mawa mafayilo ndinawatsekera m'kabati.
Aliyense funso limodzi:
tandiuza za tsiku limene unalakwitsa.

Hidde anaseka, ati silinafike.
Yasmina anakhala duu,
kenako anajambula pa kapepala kopukutira pakamwa
mng'alu umene anauona mochedwa,
nafotokoza mpaka ine mbuli ndinauona.

Nanga usiku wa namondwe,
ungafune ndani pambali pako?
Anatchula Wiebe wa m'chipinda chapansi,
uja ndinamukankhira pambali
poti fayilo yake inali tsamba limodzi.
Wiebe anatchula wina, winayo wina,
namaliza akukanda ndevu:
Hidde ndi wapakamwa, inde,
koma masamu ake saphonya. Mutengeni.

Lachisanu ndinasaina,
cholembera chikuterera ndi thukuta.
Simenti sindiidziwabe.

Madzulo ndinapalasa njinga pamwamba pa khomalo,
kumanzere mafunde,
kumanja madenga,
lina mwa iwo langa.