Dzino Limodzi

Tayala silinama.
Ndalipapasa m'mawa uno, ili lakumbuyo kumanzere:
kunja mizere ikadali yakuya,
mkati lasalala mpaka pa waya,
ndipo wayayo wandibaya chala.

Bambo anga a Valdomiro anaitsitsa galimotoyi
ine ndisanabadwe,
chaka chimene anyamata a mu Curitiba
ankafuna mimba ya Fusca izinyambita phula.
Chiyambire matayala akumbuyo anatangadza,
mitu kuweramirana, mapazi kuthawana,
ngati mwana wa ng'ombe amene wangoima kumene.
Iwo ankati kukongola kwake n'komweko.
Mayi ankangosunga malisiti a matayala m'chitini cha mabisiketi.

Ndi mwezi wa Juni, chisanu chayeretsa kapinga,
simenti ya m'galaja ikuluma mawondo ngakhale ndayala katoni.
Makina a nyali zofiira ali kwa Dirceu, ndipo Dirceu ndi wodula.
Ine ndili ndi ulusi, nati yolendewera kunsonga kwake,
ndi rula ya mwana wanga yotafunidwa pakona.
Ulusi ukaleka kuvina, ndiyeza:
pamwamba pa limu zala ziwiri zikulowa,
pansi ngakhale chikhadabo ayi.

Jeke. Zochirikiza. Mabawuti anayi a chivindikiro.
Atatu amvera, limodzi lakana kwamtuwagalu,
dzimbiri la zaka makumi anayi silimva kunyengerera.
Ndalithira mafuta, ndalisiya liganize,
ndalibwerera ndi paipi pa sipanala.
Gwa!

Mkatimo muli ndodo yachitsulo imene imasenza thupi lonse
mwa kupotoka chabe, osadandaula,
mano uku, mano uko.
Ndadontheza penti wa zikhadabo pamene inali,
kuti ndikasochera ndidziwe kobwerera.

Bambo akhala pa chigubu, bulangete pamiyendo,
chikho cha mate chikunjenjemera m'dzanja lotsalalo.
Chiwagwetsereni sitiroko, mawu amatuluka mbali imodzi ya kamwa.
"Mano awiri," akutero, "ndiye waipha."
Sindiyankha. Ndikuyang'ana nsapato yawo yakumanzere,
chidendene chodyeka mkati mokha,
kunja chatsopano.

Ndasuntha dzino limodzi.
Limodzi basi.
Kuti chitsulo chibwerere pamalo pake
ndatukwana mawu amene sindinkadziwa kuti ndimawadziwa,
iwo n'kuseka mpaka kutsamwa.

Ndaitsitsa, ndaikankha kutsogolo, ndaibweza,
ndatsamira bampala katatu kuti ikhazikike,
poti galimoto yongotsika pa jeke imayankha zabodza.
Ulusi uja. Nati ija. Kudikira kuja.
Chala chimodzi, mwinanso kuchepera.
Silinaongoke kwenikweni, ndipo sindinafune kuti liongoke:
pokhota pa msewu wotsikira ku Morretes
kupendekeka pang'ono n'kumene kumagwira pansi.

"Yatalika ngati ya wansembe," akung'ung'udza.
Kenako atambasula dzanja: "Zuleide, rula."
Ndawagwira m'khwapa, tagwada tonse pa katoni yonyowa,
ayeza okha, maso pafupi ndi limu,
nthawi yaitali kuposa imene nambala imafuna.
Sananene kanthu za zimene apeza.

Kunja kwayamba kuwaza.
Lakumanja likadali chitangadzire, likutiyembekeza,
ndipo iwo ayamba kale kukhwekhwereza chigubu chawo
kupita mbali imeneyo.