Madesiki Asanu ndi Anayi

Lole inawatsitsa Lachiwiri, chiperoni chitatseka phiri,
madesiki asanu ndi anayi onunkha vanishi.
Pa lililonse pamakwana ana atatu.
Anga a Sitandade 5 alipo makumi asanu ndi atatu.
Ndinawerenga kawiri, ngati kuti matabwa amaswana.

A hedi anati: Akhalepo okhoza mayeso,
thukuta lilipidwe, aulesi atengerepo phunziro.
A Khoviwa a komiti anati: Iyayi,
akhalepo amene makolo awo anapereka ya chitukuko,
lisiti silinama.
Mayi Mulipa, akusasa choko m'manja, anati: Atsikana.
Inu abambo simunakhalepo pa simenti mutavala diresi.
Aliyense ananena choona chake n'kutuluka.
Kiyi anandisiyira ine.

Ndinayamba ndi lamulo la wofika msanga.
Sabata yathunthu anakhalapo a m'malayini a eseteti,
amene belu amalimva akadali pamkeka.
Esinta amachokera kutsidya kwa Lichenya.
Amayamba wakasiya khanda kumunda wa tiyi
kumene mayi ake, dengu kumsana,
amathyola masamba awiri ndi kansonga
mpaka sikelo itawakhululukira.
Amafika siketi itamwa mame,
n'kukhala pakhomo penipeni, kope pabondo,
zilembo zake zikutsetsereka ngati mbuzi pa therezi.
Ine, ndi bolopeni yofiira, ndinalemba m'munsi:
Uzilemba mwaukhondo.

Lachisanu bambo ake Fayisoni, akapitawo,
anasiya zinanazi ziwiri pakhonde panga.
Sanapemphe kanthu.
Ndinadya. Zinali zotsekemera, ndisaname.
Lolemba maso anga, osandifunsa,
anam'pezera mwana wawo malo kutsogolo.

Usiku umenewo ndinajambula ndandanda pa katoni ya sopo:
aliyense tsiku limodzi pa masiku atatu,
mwana wa kalaliki, mwana wa mlonda, chimodzimodzi.
Ndinagona tulo ta munthu wolungama.

Koma Lastoni saona patali.
Masiku awiri amene ali pansi, kumbuyo kwa misana ya anzake,
bolodi kwa iye ndi khoma lakuda basi.
Ndipo tsiku la Esinta litakwana
Lichenya anadzaza, nakokolola mtengo wowolokerapo.
Malo ake anakhala opanda munthu mpaka koweruka,
anzake ali pansi, akuwayang'ana,
poti ndandanda inati ndi a Esinta.
Ndinagawa mofanana.
Nanga bwanji ena ndinawapatsa madzi m'lichero?

Dzulo tinali pa mutu wa chilungamo.
Ndinalemba tanthauzo pabolodi, iwo akubwereza mokweza
mpaka malata kunjenjemera.
Lastoni anakweza dzanja, maso atatsinzina pang'ono
monga achitira akamandifunafuna.
Sala, nanga mpando wanuwo
uli pa tsiku liti?

Kalasi yonse inaphulika.
Ndinaseka nawo, ndinatinso ndi mwana wamwano,
koma mpando uja ndinauona koyamba:
wamkungudza, wokhala ndi chotsamira,
ndipo nthawi zambiri pamakhala chikwama changa.

Sindinamuyankhe.
Ku koleji anatiphunzitsa kugawa nambala yotsala,
sanatiuze kuti chotsalacho chimakhala ndi dzina
ndi zipsera za simenti m'maondo.

Mawa ndi tsiku la Esinta.
Katoni ija yayamba kufufuma ndi chinyezi,
mayina ena sakuwerengeka.
Ndili pakhonde, ndikuyang'ana kuphiri.
Kwada bii.