Kapinga wa Zdzisław

Chipale chitasungunuka ku Gdańsk,
Bogumiła anatenga fosholo
nayamba kukumba kapinga wa malemu Zdzisław,
uja ankamumeta Loweruka lililonse
ngati ndevu za mkwati.

Zaka makumi atatu wosapondedwa ndi nsapato.
Lero wagona chagada,
nyongolotsi zikuphiriphitha padzuwa lozizira.

Apa kabichi. Apo bitiruti ndi anyezi.
Kanjira ka njerwa zakale kakhotekhote
mpaka pamtengo wa maapozi.
Mwiniwake akanakaongola ndi chingwe.

Chakumpanda fosholo inagunda kanthu:
magalasi aja ankamunena kuti ndiye anataya,
diso limodzi losweka.

Anawapukuta ndi epuloni,
nawakoleka pakamtengo koyangira nyemba.
"Muziyang'ana, bambo," anatero.
"Pofika Julayi mudzavomera."