Matumba Makumi Anayi

Anabwera mu Malichi, mnyamata wa kukhonsolo,
tayi yofiira, pepala lodzaza maziro.
Akuti anthu zikwizikwi akubwera ku Milwaukee,
aliyense ndi pakamwa pake.
Ndinachezera kuwerenga pakamwapo,
kutacha n'kukongola matumba makumi anayi a ufa wa tirigu.

Sabata ya msonkhano itakwana
tinadzuka mpanda wachitsulo utamera pakhomo,
wautali kuposa malemu mwamuna wanga Zbigniew,
amene ankasintha mababu osakwera pampando.

Mayi Odessa Tillman,
amene agula buledi kwa ine Lachiwiri lililonse
chiyambire ndili ndi mano onse,
anaimba foni: "Halina, basi yasintha njira,
ndipo mawondo angawa sadziwa ndale."
Maloya a m'chipinda chapamwamba anakhoma zitseko.
Belu la pakhomo panga linaiwala kulira.

Nthumwizo ndinaziona, ndisaname,
m'mabasi a magalasi akuda,
zipewa zazitali, makhadi ali lendelende m'khosi.
Zinkakadyera m'kati mwa bwalo
chakudya chobwera pa malole ochokera kutali.

Si tonse tinagona ndi nkhawa.
Yonas wa takisi anamaliza lendi ya miyezi iwiri,
maso ali psuu.
Kuhotela chipinda chinakwera mtengo kasanu,
koma mwini wake sanapondepo muno;
mdzukulu wanga Renata anayala mabedi mpaka msana kuuma,
malipiro ake ali phee, pomwe paja.

Kasitomala wanga wamkulu sabata imeneyo
anali wapolisi wobwerekedwa ku Ohio:
madonasi awiri, khofi,
ndi kupempha kiyi wa kuchimbudzi.
Zotsala ndinkapereka kutchalitchi madzulo,
osauka a mumsewu wathu sanadyepo bwino chotere.

Lachisanu anazula mpanda.
Mphepo inakokolola zikopa za mabaluni
n'kuziunjika pakhonde panga, zofiira, zoyera, zabuluu.
Pa wailesi mkulu wina anathokoza mzinda wonse,
akuti tapindula mamiliyoni.
Ndinatsegula kabati ya ndalama,
mwina ena agweramo ndili kuuvuni.

Matumba makumi atatu ndi limodzi akadali kuseri,
atsamira khoma ngati alendo osatsanzika.
Wa ufa waimba kawiri.

Lachiwiri belu linalira.
Mayi Odessa, ndodo patsogolo,
anathira makobidi pakauntala n'kuyamba kuwasankha ndi chala.
"Nanga anagwirizana zotani kumeneko?"
Ndinati sindikudziwa.
"Undipatse wakupsa bwino, wa pansiyo."