Chikwama cha Zione

Kalata ya asilikali apamadzi yanena mosapsatira:
foni idzatsekeredwa m'kabati,
azidzaiona Lamulungu lokha.
Mayi ake awerenga kawiri,
kenako apita kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Loweruka tili mu Small Street,
chikwama chopachikira kutsogolo poopa atsotsi.
Ine ndaloza laputopu,
mwana wanga asakaoneke wotsalira pakati pa anzake.
Iwo akuti, a Chabwera,
kodi akukaguba kapena akukaonera mafilimu?
Mwini sitolo wangoti duu,
chala chili pa batani,
kudikira kuti banja ligwirizane.

Tatenga wotchi yakuda yosaopa madzi,
katochi kokwana m'thumba,
matchaja awiri, poti imodzi
wina adzabwereka osabweza,
ndi pawabanki yolemera ngati njerwa.
Kuzimazima kwa magetsi a Joni kunatiphunzitsa.
Laputopu yatsala pa shelefu.
Ndaicheukira kamodzi potuluka.

Mwana wobadwira ku Rosettenville,
wodziwa madzi a m'mipope ndi matalala a Disembala,
nyanja anaionera pa kalendala ya kubutchala.
Lero akuti akakwera sitima yankhondo.
Anazitenga kwa yani?

Pa Park Station basi ya ku Kapa yalira.
Mayi ake amulanda foni,
ajambulamo mawu awiri okha:
wadya, mwanawe?

Ine sindinanene kanthu.
Ndafika kunyumba, ndatchera alamu
folo koloko m'mawa, nthawi yawo yodzukira,
kuti ikamalira pa mkono wake uko
kuno inenso ndizidzuka.