Khomo la Temwachi

Chithunzi chinafika m'bandakucha,
foni ikunjenjemera pansi pa pilo,
kunja nkhungu ya Mzuzu itakhala pa malata
ngati mlendo wokana kutsanzika.
Temwachi, mwana wanga, ali ku Shanghai.
Anapita kukaoda maloko ndi mababu a shopu yake,
koma taonani chimene wanditumizira:
khomo.

Si khomo la makona anayi
limene ndamanga zaka makumi atatu
ku Chibavi, ku Luwinga, ku Zolozolo,
lintala ya simenti, mawaya anayi, basi tizipita.
Ili pamwamba lazungulira,
lapitirira theka la mwezi,
kenako labwerera m'kati, lafinya m'chiuno
ngati bowo la kiyi,
ngati mtsuko wovundikira.
M'mbali mwake nyenyezi za matailosi obiriwira,
iliyonse yagwira inzake padzanja,
sungadziwe inayamba ndi iti.

Pansi analemba:
Adada, akuti kamangidwe aka n'ka Amoori,
anthu a kumpoto kwa Africa yathu yomwe ino.

Ndinaseka ndekha mumdima.
Ndiye kuti chinthu chinatulukira khomo la kumtunda,
chinaoloka nyanja kaya zingati,
n'kukakhala phee pakati pa nyumba zokanda mitambo,
anthu akudutsa pa njinga zamoto osachicheukira,
kudikira mwana wa bilikileya wa ku Mchengautuwa
kuti achitole ndi foni yong'aluka galasi.

Loweruka ndinagumula khonde langa.
Mayi a Temwachi anaima, manja m'chiuno:
Ukalamba wayambira kumutu?
Ndinapinda pulayi wonyowa, anathyoka.
Limu ya njinga inachepa.
Thayala la lole ndinalipeza ku galaja ya ku Katoto,
ndinaligubuduza ndekha msewu wonse,
ana akundithamangira m'mbuyo.
Njerwa ndinazisema ndi chikwanje, imodzi imodzi,
mutu wonenepa, mchira wowonda.

Lachitatu ndinachotsa thayala.
Zonse zinagwa.
Imodzi inandiphwanya chala cha kuphazi,
ndipo mvula yowaza inabwera kudzapepesa maliro.

A Twaibu, telala wa pakona,
anafika tepi ili m'khosi, nayang'ana muluwo nthawi yaitali.
Mwafulumira, achimwene, anatero.
Njerwa ya pakati ndiyo loko.
Imalowa pomaliza, molimba, ndi nyundo ya mtengo,
zinzake zonse zimaitsamira.
Bambo anga anamanga nawo mzikiti ku Nkhotakota,
ine ndinkawatungira madzi.
Sanadziwe za Amoori, sanadziwe za Shanghai,
koma anajambula ndi chala padothi
bowo la kiyi lomwe lija.

Tinamanganso awiri, iwo akuloza, ine ndikuyika.
Tinadikira masabata awiri.
Thayala linatuluka ngati dzino logwedera,
khomo linatsala chiimire,
m'mwamba mopanda chogwira.
Ndinaima pansi pake, mtima uli m'khosi,
mpaka khosi linawawa.

Ndalama za matailosi ndinalibe.
Ndinatola mbale zosweka kuseri kwa lesitilanti,
mabotolo obiriwira, zidutswa zotsala pa bafa la bwana wina.
Nyenyezi zanga zinatuluka zotsimphina,
ina ili ndi nsonga zisanu ndi ziwiri,
ina ikuonekabe duwa la mbale ya tiyi.

Lamulungu a mpingo anaima pamsewu:
Kodi a Chavula, mwasintha chipembedzo?
Ndinati ayi,
ndangosintha polowera.

Madzulo ndinalijambula, ndinatumiza.
Kumeneko kunali usiku, koma anayankha pompo:
Adada, lapendekera kumanzere.
Ndinatuluka ndi levulo.
Zoona, lapendekera.

Akubwera Lachisanu pa basi ya usiku
ndi makatoni asanu ndi atatu.
Ndayeza m'chiuno mwa khomo ndi tepi ya a Twaibu:
katoni yaikulu sidzalowa.
Katundu adzadzera kuseri, kukhitchini.
Iye yekha ndiye adzalowere apa,
chikwama chili paphewa,
nsapato zili ndi fumbi la mizinda iwiri.