Chizimalupsa Chisanagwe

Magetsi azimanso kuno ku Mufakose,
ndiye tikulembera pa kandulo, ine ndi bambo anga,
kuseri kwa kalendala wa chaka chatha.

Mchere wa chikopa, matumba anayi.
"Asanu," akutero a Jailosi osadzutsa mutu.
"Ntchefu yamphongo si mbuzi,
ndipo dzuwa la Novembala limawoletsa chikopa
usanathe kunola mpeni."

Ku kampani kwatsala chiphaso chimodzi chokha.
Anzawo onse akana:
akuti chigwa chatentha ngati chiwaya,
akuti kashembe akuboola ndi jombo zomwe,
akuti mvula ikagwa kumtunda usiku
Angwa amadzuka m'mawa atakwiya
ndipo galimoto imagonera tsidya mpaka Epulo.
Bambo anangoti, "Ndipita."

Dizilo, migolo iwiri.
Madzi akumwa, migolo itatu, wina ukudontha pansi,
ndiutengere kwa wowotcherera ku Mbare mawa.
Matayala apadera awiri, jeke, fosholo,
unyolo wokokera m'matope,
zipolopolo zimene bwana amawerenga yekha
ngati ndalama za maliro.
Mapilitsi a malungo.
Tiyi, shuga, machesi okulunga m'pulasitiki.

"Lemba phulusa."
Ndaseka. Phulusa silipezeka m'sitolo za Harare.
Atulutsa kathumba kakale m'thumba la jekete,
akugwedeza pang'ono,
ndipo fumbi loyera likupendekera kukhomo.
"Waona? Ngakhale m'nyumba muno mphepo ili ndi kolowera.
Nyama imamva fungo lako
iwe usanaone mchira wake."

Ndayala mapu a ku ofesi patebulo.
Guruve, phula kutha,
kenako mzere wofiira wopyapyala kutsika phiri,
kenako pepala loyera lopanda dzina.
Pamenepo ndiye pamene iwo adziwa:
mlambe wong'ambika ndi mphezi,
dziwe louma pomwe njovu zimakumba mchenga,
nkhalango ya tsanya yopanda tsamba
momwe nkhalamba ija imaima masana,
khosi lotuwa, nyanga zosibuka kunsonga,
mawondo akulira thetheya ikamayenda.
Zaka zitatu akuitsata mapazi.
Zaka zitatu ikuwasiya ndi ndowe zofunda.

Koma chala chawo chagwera pa Kariba
pomwe pakamwa pakunena Dande.
Ndakhala chete.
Ng'ala ya diso lamanzere
yakula kuposa mmene inalili pa Isitala,
ndipo kandulo sabisa kanthu.

"Pepala ndi la inu ophunzira," akutero,
akulipinda mofulumira.
"Dothi ndimaliwerenga ndi chidendene."

Panja majakaranda atha kuyoyoka,
maluwa aphwanyikira m'ngalande ngati sopo.
Kumpoto kukung'anima osagunda.
Amayi akutsuka mbale mwaphokoso ladala,
sanalankhule chiyambire Lachiwiri.

Ndikuwerengera masiku:
awiri apanjira, asanu ndi limodzi osaka,
limodzi losenda, kugawa ndi kuyanika,
nthiti ndi zam'kati kwa anthu a mudzi wapafupi
monga mwa pangano,
limodzi la zimene sitizidziwa.
Akapanda kuimba foni pa khumi ndi chiwiri
ndikagogode kwa bwana ku Msasa
ngakhale ukhale usiku.

Apita kukagona. Ndikumva akupapasa khoma.

Pansi pa machesi ndawonjezera ndi pensulo:
mankhwala a m'maso, mabotolo awiri,
ndi Gelesomu, mwana wa achimwene,
amene amaona nsabwe pamsana pa galu wothamanga.
Ndidzati akukathandiza kunyamula madzi.
Adzadziwa kuti ndikunama,
adzamupatsa kathumba ka phulusa kuti agwire,
ndipo palibe adzatchule kanthu.

Mchere ndalemba asanu.
Ntchefu sindinailembe.
Mwina ikadali pansi pa tsanya kudikira mvula,
mwina mikango inatitsogolera kale mu Ogasiti.
Kandulo watsala ngati chala chaching'ono,
ndipo mgolo uja sunaleke kudontha.